Dzina la Amayi Ako pa Simenti Yaiwisi

Mudzi wa Chiphazi, Dedza
9 Malichi 2025

Selinah mwana wanga,

Ndine bambo ako, Kizito Gwaza, wa zaka 79 malinga ndi chitupa, ngakhale chitupacho chinandibera ziwiri. Wolemba ndi Lulu, mwana wa amayi ako aang'ono, poti ine cholembera sindinachigwirepo chibadwire. Ndamuuza alembe momwe ndikunenera, asakometse. Akatha ajambula pepalali ndi foni yake kuti likupeze ku Dubaiko. Pa foni sindifuna kuyankhula. Makutu anagontha, ndiponso mawu a pa foni sasungika. Kalata umaipinda, umaiika pansi pa mphasa, mawa wina n'kukuwerengeranso.

Kaya wadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, koma bondo lakumanzere. Chimanga chayamba kukhwima. Mbuzi yoyera ija yaswa awiri, onse aakazi.

Tsono nkhani ndi iyi, umvetsetse. Lamulungu lapitali atsibweni ako a Masiye anandiitana pansi pa mango. Akuti chiliza cha amayi ako chimangidwe pa 15 Ogasiti, pa 16 mapemphero, ndipo mawa lake andisudzule. Mwambo ukuudziwa. Ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera m'chaka cha 1971 ndi khasu ndi bulangete limodzi, ndipo amene anandibweretsa pamudzi pano anagona. Akandisudzula ndinyamuka, kubwerera kwathu ku Mchinji, kwa mlongo wanga. Sakundithamangitsa ayi, usawaganizire zoipa. Adikira zaka ziwiri, ndipo kawiri konse asuntha tsiku chifukwa cha iwe. Anena okha kuti, "Alamu, ulendo uno ndi womaliza. Abale a ku Joni apempha kale tchuthi."

Pa maliro sunabwere. Sindikudandaula, unali utangoyamba ntchito, ndipo ndege si minibasi yoti ungoimika ndi dzanja. Koma manda a amayi ako sunawaone mpaka lero, ndipo mwa ana athu anayi wamoyo watsala ndiwe. Chimene ndikufuna ine n'chimodzi. Ndikutsogolere ndekha, ndikuloze pamene anagona, tiimepo awiri. Ndikapita ku Mchinji, manda a kuno adzakhala a eni ake, sindingadzalowemonso ngati wa pamudzi.

Unati tchuthi chako ndi Ogasiti. Uwauze abwana ako msanga, asadzati sitinamve.

Ndine bambo ako.

Mudzi wa Chiphazi
6 Epulo 2025

Selinah,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo. Mwezi watha, kalata yanga sunayankhe. Koma zithunzi zafika. Lulu anandionetsa dzulo, ndinachita kubwereka magalasi kwa akatekisiti.

Poyamba ndinakondwa. Wanenepa, wavala chipewa chachikulu, kumbuyo kwako mtsinje woti Linthipe angalowemo kakhumi. Lulu akuti ndi Nailo, ku Ejipito, komwe kuja kwa Farao. Ndinati ha, mwana wanga waponda m'Baibulo ndi mapazi ake. Pa chithunzi china waima pakati pa zipilala zonenepa ngati milambe, iwe kuoneka ngati nyerere. Kenaka china, uli m'chiphanga chojambulajambula, ukuseka mano onse pamtunda. Ndinafunsa kuti iyi ndi nyumba ya ndani? Lulu anawerenga zimene unalemba m'munsi mwake: "Manda a mafumu. Lero talowa atatu."

Atatu! Tsiku limodzi!

Ndikufunse bwinobwino. Anamwalira ndani kumeneko amene iwe ukumudziwa? Anakulolezani kulowa ndani? Adzukulu okumba manda analipo? Potuluka munasamba m'manja, kapena munangopita kukadya? Lulu akuti polowa amagula tikiti ngati ku mpira. Ndamuuza kuti munthu wamkulu sanamizidwa chotero.

Nkhani yafika kale pa mjigo. M'mawa uno akazi a atsibweni ako anandipatsa moni n'kuti, "Alamu, tamva kuti mwana wanu wayamba kuyendera manda. Akamaliza a Farao atikumbukeko kuno." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Ndiye tchuthi chija wachidyera kumeneko? Manda a eni ake uli nayo nthawi, koma a munthu amene anakuyamwitsa ayi? Lulu akuti mawu amenewa ndi olemera, tichotse. Ndati alembe.

Bambo ako.

Achemwali, ndine Lulu. Ndalemba mokakamizidwa. Dzulo sanadye. Zithunzi zija ndinawaonetsa ndine, ndimayesa asangalala. Pepani.

Jumeirah Lake Towers, Dubai
11 Meyi 2025

Ababa,

Ndakupatsani moni ndi manja awiri. Bondo lija likupeza bwanji? Mukumapaka mankhwala aja, kapena mwawasunga ngati shuga wa alendo? Ine ndili bwino. Kuno kutentha kwayamba, masana panja sipoyendeka.

Kalata yanu ndinaiwerenga m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini, nsanjika ya 31, kumene pawindo umangoona magalasi a nyumba zina. Ndalemba yankho katatu n'kung'amba. Lero pochokera ku tchalitchi tinadutsa ku Bur Dubai, ku masitolo a nsalu, ndi mnzanga Namakau wa ku Zambia. Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, khalas, basi, leka kulila monga mwana. Balembele batate bako lelo." Ndiye ndi iyi.

Ababa, ku Ejipito sindinapite kutchuthi. Tchuthi chinali cha abwana. Ine ndinapita monga ng'ombe ya pangolo ipitira kumsika, siikagulako kanthu. Tinakhala masiku asanu pa sitima ya pamtsinje, kuchokera ku Luxor mpaka ku Aswan. Madamu ndi oyembekezera, ndiye mwana wawo Zayd, wa zaka ziwiri, anali kumsana kwanga, chikwama cha matewera ndi madzi kutsogolo. Tikatsika sitima ndi "yalla Selina, yalla," ndiye kuti fulumira, kachisi uyu, kachisi uyo, mpaka mapazi kutupa. Chithunzi chosekacho anajambula ndi madamu. Anati seka. Wantchito akauzidwa kuti seka, amaseka.

Pa manda oyamba ndinaima pakhomo, azungu akundidutsa ndi makamera. Tikiti ndi zoona, Lulu sananame. Ndinanena chamumtima kuti eni malo pepani, ndabwera ndi ntchito. Potuluka ndinasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, ndinamusambitsanso mwanayo, madamu akungondiyang'ana. Musadandaule, munandilera bwino.

Mandawo ali m'phiri louma, lopanda ngakhale kaudzu. Umatsika mpaka kutali pansi, makoma onse zilembo ndi zithunzi, kudenga nyenyezi. Mitembo yambiri anaichotsamo, ina ili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, m'mabokosi a galasi, anthu n'kumaisuzumira. Pamenepo ndinayang'ana pansi mpaka tinatuluka.

Koma tsiku lachiwiri anatitengera ku mabwinja a kamudzi ka adzukulu, anthu amene ankakumba ndi kujambula manda a mafumuwo. Nawonso anadzikumbira awo, aang'onoang'ono, otentha ngati mu uvuni wa njerwa. M'manda amodzi, pakhoma, pali mwamuna akulima ndi ng'ombe ziwiri, mkazi wake pambuyo akufesa mbewu, wavala zoyera. Pamwamba pake akukolola limodzi. Ababa, ndinaona inu ndi amayi kumunda wa kuseri kwa phiri, inu kutsogolo, iwo pambuyo akukunenani kuti mizere yakhota. Ndinalira mwana ali kumsana. Wotiperekeza, bambo wachikulire dzina lake Hamdi, anandifunsa chavuta n'chiyani. Ndinamuuza zonse. Iye anandilozera tizilembo pambali pa mkaziyo, nati ilo ndi dzina lake, lakhala pamenepo zaka zoposa zikwi zitatu. Anati anthu amenewa ankaopa kwambiri kuti dzina lawo lifufutike. Wodana nawe ankabwera ndi chitsulo n'kugoba dzina lako pamwala. Malo ogobedwawo ndinawaona ndi maso anga pa kachisi wa mfumukazi ina.

Tsono ndinene chimene chinandiletsa kuyankha kalata yanu yoyamba. Madamu adzachira mu Ogasiti momwemo, ndipo tchuthi changa achisunthira ku Disembala. Ndinagwada, ndinapempha ngakhale sabata imodzi. Sanandikalipire. Anangondigwira dzanja n'kuti, "Selina, habibti, wokondedwa wanga, andigwirira ana ndani? Disembala, inshallah." Ndikachoka pandekha ntchito yatha, ndi chilolezo chokhalira kuno chathanso. Ndinadziwa zimenezi tisanapite ku Ejipito, koma ndinasowa poyambira. Ndinatumiza zithunzi m'malo mwa mawu. Ndinalakwa.

Apempheni atsibweni asunthe kamodzi kokha. Akakana, ndikupempha chinthu chimodzi: dzina la amayi lisalembedwe ndi mmisiri wosawadziwa.

Mwana wanu,
Selinah

Mudzi wa Chiphazi
1 Juni 2025

Seli mwana wanga,

Moni. Kalata yako Lulu wandiwerengera katatu, kachitatu akudandaula kuti tomato wake akuwola pamsika. Mankhwala ndikupaka. Kuzizira kwayamba, chimanga talowetsa.

Mawu olemera aja ndabweza. Ndinaweruza mlandu ndisanamve mbali ina. Unachita bwino kusamba, ndi kumusambitsa mwana wa eni. A Hamdi amenewo, ngati udzakumana nawonso, uwapatse moni wanga. Koma za mizere, amayi ako ankanama. Mizere yanga inali yowongoka, lokhota linali phiri.

Kwa atsibweni ako ndinapita Lachitatu. Ndinavula chipewa, ndinafotokoza pang'onopang'ono, za madamu, za Disembala. Anamvetsera akusenda nzimbe. Kenaka anati, "Alamu, Disembala ndi mvula. Simenti ndi mvula siziyenderana, ndipo anthu adzakhala ali kumunda. Ndiye kuti chaka chamawa. Chaka chamawa ine ndi inu tidzakhalapo? Mwapitako liti kumanda? Mtanda uja chiswe chadya, dzina la mlongo wanga latsala theka."

Ndinalephera kuwatsutsa, Seli. Mtandawo ndinauona polambula manda. N'zoona.

Ndiye ndinatulutsa pempho lako lachiwiri. Paja kuno mmisiri akamaliza kupaka simenti pamwamba, amatenga msomali n'kulemba dzina isanaume. A Masiye anati ngati mwana sakufuna mmisiri, alembe Lulu. Ine ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ndilemba ndine."

Akazi awo anali akupeta pakhonde, anatsitsa lichero. "Inu alamu? Inu amene mumadinda chala ngakhale ku chipatala?"

Ndinati inde, ine amene.

A Masiye anati, "Simenti si mchenga, alamu. Mukalakwitsa, chalakwika mpaka Yesu adzabwere."

Ndinati ndamva.

Pobwerera kunyumba ndinadzifunsa kuti Kizito walonjeza chiyani. Koma ndaganiza. Kuluka nkhokwe palibe anandiphunzitsa, ndinangoyang'ana kwa amalume anga. Lulu akuti dzinalo lili ndi zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo chimodzi chabwera kawiri. Masabata alipo khumi ndi imodzi.

Tsono uchite ichi. Tenga pepala lalikulu, ulembe dzina la amayi ako ndi dzanja lako, zilembo zazikulu ngati za pa thumba la feteleza. Za Lulu sindikuzifuna, ndipo wamva, wakwiya, koma alembe. Ndikufuna ndiziona zako. Iwe sudzakhalapo, koma zilembo zidzakhala zako, dzanja langa. Pamenepo ndiye kuti taimapo awiri, pang'ono.

Bambo ako.

Jumeirah Lake Towers
8 Juni 2025

Ababa,

Moni. Ndawerenga, ndaseka, kenaka ndalira, Namakau akuti ndine mpopi.

Pepala ndalemba. Ndatenga lalikulu pa mapepala amene Zayd amajambulapo. Sinditumiza pa foni ayi. Edinah, mayi wa ku Area 25 amene timapemphera naye, akukwera ndege Lachinayi. Akalisiya pa depoti ya ku Dedza, Lulu akalandire. Ndamupatsanso nsalu yoyera mamita anayi, ndagula ku Bur Dubai, yophimbira chiliza. Mmwenye wa m'sitolo anafunsa ngati ndi ya ukwati. Ndinati ndi ya amayi anga.

Ku Ejipito kuja zilembo zawo ndi zithunzi: mbalame, bango, madzi, diso. Inunso muzione choncho, musaziope. Choyamba ndi mapiri awiri ogundana. Chachiwiri ndi denga la nkhokwe lokhala ndi mtanda pakati. Chachitatu ndi mzati wosenza mtengo pamutu. Chachinayi ndi mzati wokha. Chachisanu ndi khasu loimika, mpini m'mwamba. Chachisanu ndi chimodzi ndi uta ndi chingwe chake. Kenaka denga lija libwerenso. Chomaliza ndi mizati iwiri yogwirana manja.

Muyambire kumanzere, kumbali ya bondo lovuta.

Usiku ndikamugoneka Zayd ndimamuimbira nyimbo ija amayi ankaimba popeta. Waigwira kale, amaimba nane. Madamu anafunsa tanthauzo lake, ndinalephera kumasulira.

Mundiuze mmene sukulu ikuyendera.

Mwana wanu,
Selinah

Mudzi wa Chiphazi
18 Ogasiti 2025

Seli mwana wanga,

Moni womaliza wochokera pamudzi pano. Katundu ndamanga: khasu, mabulangete awiri, mpando uja wa chikopa. Mbuzi ndasiyira Lulu. Galimoto ya ku Lilongwe idutsa masana, ndiye ndinene mwadongosolo nthawi ilipo. Ndamva kuti madamu achira mwana wamkazi. Uwauze kuti mkulu wina wa ku Dedza wati zikomo Mulungu.

Unafunsa za sukulu, sindinayankhe dala. Ndimaopa kudzitama ndisanaone mapeto. Pepala lako ndinalikhoma pa chitseko. M'mawa uliwonse ndimasesa pabwalo, n'kutenga kamtengo. Sabata yoyamba mapiri ankatuluka atatu. Nkhuku zimafufuta, mbuzi zimaponda. Akazi a atsibweni ako akamapita ku mjigo ankakuwa kuti, "Ana a sitandade wani, belu lalira!" Nditazolowera mchenga ndinaponda dothi la pachulu, n'kulisalaza pa thabwa, n'kumalemba ndi msomali, poti dothi lonyowa limagwira msomali monga simenti. Uta ndi umene unandizunza. Umatuluka ngati dzungu.

Lachisanu tinalowa kumanda m'mawa, adzukulu patsogolo. Mmisiri anamanga, anapaka, anasalaza. Dzuwa litafika apa anandipatsa msomali wa mainchesi sikisi n'kuti, "Madala, simenti siidikira munthu." Anthu anazungulira, a ku Joni ndi mafoni m'mwamba. Ndinagwada. Ndinatulutsa pepala lako m'thumba la jekete, koma mphepo ya Ogasiti ukuidziwa, linkangokupiza.

Mapiri anatuluka awiri. Denga linakhala. Mzati wosenza, mzati wokha, khasu. Ndinafika pa uta uja. Ndinaima. Mmisiri anati, "Bweretsani ndimalize." Ndisanayankhe ndinamva munthu akugwada pambali panga, akubuula, poti bondo la a Masiye ndi loipa kuposa langa. Anatenga pepala lako, analitambasula ndi manja awiri patsogolo panga, n'kuti, "Musiyeni. Alamu, yang'anani apa, anthuwa asiyeni. Kokani chingwe kaye, uta pambuyo."

Ndinakoka chingwe. Ndinapinda uta. Denga linabweranso. Mizati iwiri inagwirana manja.

A Masiye anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akumuitana kuchokera kumunda: "Matildah." Amene anayamba kulira ndi akazi awo omwe aja a belu. Zaka zobadwa ndi zomwalira analemba mmisiri m'munsi, zimenezo ndinamusiyira.

Loweruka tinaphimba ndi nsalu yako, akatekisiti anapemphera, Lulu anavundukula m'malo mwako. Dzulo anandisudzula. Anayala mphasa pabwalo, mbumba yonse inakhala, ananena mawu ake a mwambo, kuti ndinasunga mlongo wawo bwino, ndilibe mlandu pamudzi pano, ndine womasuka. Ndinawomba m'manja. Ndimayesa zatha, koma a Masiye anawonjeza mawu amene mu mwambo mulibe. Anati, "Alamu, takumasulani. Koma Disembala mwana akafika, tidzatuma mthenga ku Mchinji. Njira ya kumanda mudzamutsogolere ndinu. Munthu amene analemba dzina sapempha chilolezo kuti akalione."

Ndiye Disembala, Seli. Mawu aja a madamu ako, ishala, Lulu akuti ndi kunena kuti Mulungu akalola. Ine mbali yanga ndiyesetsa kukhalapo. Mankhwala ndizipaka, ndizidya. Iwe mbali yako usapitenso kwa Farao.

Usiku wa dzulo ndinagona ndekha m'nyumba yopanda kanthu, ndikuganiza za mdzukulu uja wa ku Ejipito ndi mkazi wake. Zaka zikwi zitatu akulima munda umodzi. Ine Mulungu anandipatsa makumi asanu ndi ziwiri. Sindikudandaula, koma zinachepa.

Pepala lako ndanyamula, lili m'jekete. Ku Mchinji makalata uzitumiza pa foni ya mpongozi wa mlongo wanga, Lulu akupatsa nambala. Akuti amawerenga mothamanga, koma ndidzamuphunzitsa.

Lulu wandipatsa cholembera kuti nditseke ndekha kalatayi. Dzina langa sinditha kulemba. Ndikudziwa limodzi lokha, ndiye ndilemba lomwelo, ukaliona udziwe kuti ndine. Uliyang'ane bwinobwino monga ankayang'anira amayi ako kumunda, ndipo undiyankhe msanga, mwana wanga, undiuze ngati mzere wawongoka.

MATILDAH